Tchuthi cha Mwana wa pa Chembe

Ana anga, inu amene mwayamba kale kubereka, ndi inu achinyamata amene muli ndi ang'ono anu pakhomo, tamverani kuno. Sukulu zikangotsekera, dandaulo limakhala limodzimodzi m'makomo ambiri pano pa Chembe: ana akusowa chochita, ndipo ndalama zowasangalatsira palibe. Ena mumasirira abale anu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene Loweruka amatenga ana kukasambira kumalo olipira pachipata. Komatu abale omwewo amasunga ndalama miyezi yambiri kuti adzagone masiku awiri pa mchenga umene inu mumayanikapo zovala. Chimene chimandiwawa n'chakuti mlendo wa sabata imodzi amabwerera kwawo ataona zambiri za Chembe kuposa mwana wobadwira pano.

Yambani ndi nyanja. Mudzi wathu uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Chimene chinadzetsa ulemu umenewu ndi tinsomba ta m'miyala, mbuna, timene ambiri a inu simutiwerengera chifukwa sitikwana ndiwo. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse koma m'nyanja ino. Ina imakhala pa chilumba chimodzi chokha, osawoloka madzi akuya kupita ku china.

Bwerekani magalasi oonera pansi pa madzi kwa mbale wanu woyendetsa boti la alendo, tsiku limene alibe ulendo, mupite ndi mwana ku Otter Point. N'koyenda wapansi, ndipo pachipata cha paki Mmalawi amalipira zochepa kuposa wakunja. Mukafika musathamangire kusambira. Muuzeni mwanayo ayandame chafufumimba, nkhope m'madzi, adekhe. Adzaona zazimuna zowala mitundu, zina zabuluu, zina zachikasu, iliyonse ikulondera mwala wake ndi kupirikitsa inzake. Akachita mwayi adzaonanso yaikazi yotupa kukhosi, yosadya. Imeneyo yasunga mazira m'kamwa. Amaswera momwemo, ndipo m'mitundu yambiri ya nsomba zathu tiana tikaopsedwa timathawiranso m'kamwa mwa mayi. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sadzavutika kumvetsa chifukwa chake lamulo limaletsa kuponya ukonde pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ngakhalenso chifukwa chake chambo chimapatsidwa nyengo yopuma. Pobwerera muonetseni nkhwazi, amve kulira kwake, aone mmene imatsikira potola nsomba.

Tsiku lina mupite nawo kumanda a amishoni. Ambiri mumadutsa pafupi, koma ndi angati angafotokoze? Mu 1875 gulu la ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young, mmodzi wa iwo ali Dr Robert Laws, linafika pano ndi sitima ya Ilala yoyamba ija, imene anthu anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. Mishoni ya Livingstonia inayambira pano. Malungo anawatha, Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Munthu woyamba kubatizidwa anali Albert Namalambe, ndipo ndiye anatsala akuyang'anira malowa azungu atachoka. Dzina limeneli ana athu aligwire. Dzina lina la malo ano, loti Cape Maclear, analipereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Awuzeninso za Mwala wa Mphini m'mbali mwa msewu wotulukira m'mudzi, ndipo akafunsa kuti mphini n'chiyani, musawayankhe nokha: apite kwa agogo awo aakazi, amene ena adakali nazo pankhope.

Tsopano mawu olemera. Tchuthi chachikulu chimagwa m'nyengo ya mwera. Nyanja imacha ili phee, dzuwa likakwera n'kusanduka ina. Mwana asapalase bwato yekha kulowera ku Thumbi, ngakhale akudziwa kusambira. Chilumbacho chimaoneka pafupi ukakhala pagombe. Chipatala cha Billy Riordan, chimene chatithandiza kuyambira mu 2004, chinamangidwa ndi mayi wa ku Ireland amene mwana wake anamira pano mu 1999. Nyanja sisankha. Wamkulu mmodzi akhale pagombe ana akamasambira, maso ali pamadzi, osati pa foni. Ngati n'kutheka, mabanja atatu kapena anayi gwirizanani muzisinthana masiku, sizilira khobidi.

China ndi likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, ndipo timalowera pakhungu. Mazira ake amabwerera m'nyanja munthu wodwala akakodzeramo. Ndiye mwana aphunzire kupita kuchimbudzi asanalowe m'madzi. Mukaona magazi mu mkodzo wake musanene kuti ndi kukula kwa mnyamata, monga ena ankanenera kale. Ndi matenda, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo. Mankhwala ake, praziquantel, alipo kuchipatala, ndipo azaumoyo akabwera nawo kusukulu musawabise ana anu.

Inu abambo, ndikudziwa kuti usiku ndi wa ntchito. Koma mwezi ukawala kwambiri usipa sumvera nyali, chilimira chimapuma, ndipo mumakhala kumtunda. Masiku amenewo ndi a ana anu. Musawathere onse kumowa kapena pa bawo la amuna okhaokha. Kumbani maenje pa mchenga, tolani timiyala, mumuphunzitse mwana bawolo. Muli kuwerengera mmenemo kumene kungamuthandize pa masamu. Muonetseni kusoka ukonde, kumanga mfundo yosamasuka, kuzindikira mphepo poyang'ana mafunde ndi mitambo, kusiyanitsa utaka, kampango ndi ncheni. Kaya adzakhala msodzi kaya mphunzitsi, nzeru zimenezi ndi zake, ndipo mukapanda kumupatsa inu palibe buku limene lidzamupatse. Mukatha kudya, yalani mkeka pabwalo. Wina ayambe nthano, ana avomere, kenako zilapi. Mwana wamanyazi m'kalasi amamasuka pamenepo, ndipo mudzadabwa kumva zimene wakhala akusunga mumtima.

Masana asiyeni asewere okha. Phada, fulaye, chipako, jingo, mpira wachikulunga, magalimoto a mawaya: zonsezi zimangofuna bwalo ndi anzawo. Masanje musawaletse. Apatseni kaufa pang'ono ndi usipa wodzaza dzanja, aphike, agawane, akangane, agwirizane. Kungoti moto uyang'aniridwe ndi wamkulupo. Za ndalama ya kanema sindikuletsa kotheratu, koma dziwani chimene chikuonetsedwa m'nyumbamo musanapereke.

Pali zinthu ziwiri zimene sindifuna kuziona. Choyamba ndi mwana wotsata alendo pagombe atatambasula dzanja. Zimayamba ngati masewera, ndi switi kapena cholembera, koma mwana amazolowera kuti chakudya chimachokera m'thumba la munthu wina, ndipo sukulu imayamba kumutopetsa. Komanso si mlendo aliyense ali ndi mtima wabwino. Akafuna kuphunzira Chingerezi kwa alendo, aphunzire inu muli pomwepo. Chachiwiri ndi tchuthi cha anyamata okha. Mtsikana amadzuka m'mamawa kukatsuka mbale kunyanja, kuchapa, kuyanika nsomba pa thandala, kubereka mwana kumsana, mchimwene wake ali ku mpira. Gawani ntchito. Mnyamata sathyoka manja potsuka mbale. Magalasi aja mtsikana awavalenso, ndipo aphunzire kusambira bwinobwino, pakuti bwato likagubuduzika madzi safunsa kuti ndani wavala chitenje.

Ngati pa tchuthi chonse mungakwanitse ulendo umodzi wolipira, sungani ya galimoto mupite ku boma la Mangochi. Tengani mbatata yophika kapena chinangwa ndi madzi akumwa, kuti musagule zam'njira. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndiponso mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la nyanja yathu yomweyi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Chapafupi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja. Imani pa mlatho, muwaonetse Shire akutuluka kulowera ku Malombe, muwauze kuti madzi amenewo ndiwo amapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nyamukani m'mawa kwambiri, chifukwa magalimoto obwerera kuno amavuta dzuwa likapendeka, ndipo musalole kuti ana akwezedwe pamwamba pa katundu.