Kodi Mamina Tiwafufute?

Chinenero chathu chili ndi liwu limodzi pa ntchito ziwiri zimene Angerezi amazilekanitsa. Mwana akatola khala nalemba galimoto pakhoma timati wajambula. Munthu akaloza kamera pa nkhope ya mnzake timatinso wajambula. Ena anganene kuti umenewu ndi umphawi wa mawu. Ine ndiona ngati makolo athu, poona kamera koyamba m'manja mwa amishoni, anaizindikira msanga: wogwira kamera ndi wogwira khala onse amasankha choika ndi chosiya. Kusiyana kwake n'kwakuti wakhala sabisa kuti dzanja lake lapitapo, pamene wakamera amafuna tikhulupirire kuti iye anangoima poteropo, zinthu n'kudzijambula zokha.

Aliyense amene anakwerapo phiri la Mulanje podzera ku Likhubula adziwa zimene ndifuna kunena. Mukapatuka pa msewu wochokera pa Chitakale wopita ku Phalombe, musanafike n'komwe pa ofesi ya zankhalango pamene alendo amapeza owaperekeza ndi owanyamulira katundu, ana amakhala atakuonani kale. Akaona kamera amakuwa, "Ndijambuleni!" Wina aima ngati wakarate, wina atulutsa lilime, wina akankha mng'ono wake kuti akhale patsogolo ndi iye. Umo ndimo ana alili kamera ikafika. Koma mlendo, kaya ndi wochokera ku Ulaya kaya ndi mnzathu wa ku Blantyre, safuna zimenezo. Amadikira phokoso lizilale. Akufuna kamtsikana kamodzi, kosavala nsapato, kamtolo ka nkhuni kali pamutu, maso akuyang'ana kutali, thanthwe la Chambe lili kumbuyo. Akachipeza chithunzi chotere amati wapeza mwana monga alili, wosadzikonza.

Madzulo ntchito ipitirira pa foni. Kuyambira 2021 mafoni a Google ali ndi chida chotchedwa Magic Eraser: mungokhudza ndi chala chinthu chimene simukuchifuna, icho n'kuzimirira, pamalo pake n'kumera udzu. Mu 2023 anaonjezera china, Best Take, chimene chimatenga nkhope yomwetulira pa chithunzi china n'kuiika pa khosi la munthu yemweyo pa chithunzi chinzake. Tsono waya wa magetsi achoka. Botolo la pulasitiki lichoka. Mnyamata uja anaima pambali atavala malaya a timu ya mpira ya ku England achokanso, pakuti akuononga mudzi. Pomaliza pake chithunzi chioneka ngati sichinakhudzidwe konse, ndipo luso lake lonse lagona pamenepo.

Tiyeni tikumbuke wojambula wina amene ambiri a ife tinakula tikumudziwa, uja woyenda pa njinga m'midzi, kamera ili pakhosi. Akamveka kuti wafika, mayi ankathamangitsa mwana kukasamba, n'kumudzoza mafuta mpaka chipumi kunyezimira, n'kumuveka malaya a Khirisimasi ndi nsapato zobwereka kwa msuweni wake, zazikulu ndi chala chathunthu. Mwana ankaima njo, manja m'mbali, osaphethira. Kodi chithunzi chimenecho chinali chabodza? Tsiku ndi tsiku mwanayo sankaoneka choncho, n'zoona. Komabe palibe ndi mmodzi yemwe amene ananamizidwa. Malume ake a ku Joni polandira chithunzicho m'kalata ankadziwa bwino kuti nsapato n'zobwereka, pakuti nawonso anabwerekapo. Chimene chithunzicho chinkanena ndi ichi: onani m'mene tikufunira kuti mwana wathu aonekere pamaso pa anthu. Seydou Keïta, amene anatsegula nyumba yojambuliramo ku Bamako mu 1948, ankasungira makasitomala ake wailesi, wotchi ndi njinga yamoto zoti ajambulitse nazo, ndipo lero zithunzi zake zili m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso. Sindinamvepo wina akumutcha wabodza.

Tsono funso langa si lakuti kodi n'kulakwa kukonza chithunzi. Chithunzi chosakonzedwa kulibe. Ngakhale filimu yeniyeniyo inali ndi tsankho lake. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lodziwika ndi dzina lakuti Shirley, pamene panali nkhope ya mkazi wachizungu. Makina akagwirizana ndi khungu limenelo ankati zonse zili bwino. N'chifukwa chake ambiri a ife pa zithunzi zakale za kusukulu tili mano ndi maso okhaokha. Wofufuza wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake anali ogulitsa chokoleti ndi mipando yamatabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo wakuda sakuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Chokoleti anamveka msanga kuposa ife. Motero munthu akajambula mwana wa ku Likhubula dzuwa lili paliwombo, nkhope n'kutuluka bii, kenaka n'kuiwalitsa kufikira masaya ndi timizere ta m'maso tioneke, sanabe kanthu. Wabweza chimene diso lake linaona ndipo makina anachitaya.

Nanga mamina? Apa ndipo ndifuna tikhalitse, pakuti nkhani yaing'onoyi ili ndi zonse m'kati mwake. Mwana wa zaka 3 wajambulidwa m'mwezi wa June, kukuzizira monga kumachitira m'tsinde mwa phiri, mamina ali mbwee pamlomo. Ojambula awiri akhala pansi. Woyamba awafufuta. Wachiwiri awasiya, ndipo poonjezera kuwala ndi mdima pa chithunzi achita kuti anyezimire, ntchentche imene inatera pa tsaya ioneke bwino. Tikatsata lamulo la atolankhani, wolakwa ndi woyambayo, pakuti wachotsa chinthu chimene chinalipo. Wachiwiri sanachotse kanthu, sanaikepo kanthu. Koma funsani mayi wa mwanayo. Akadakhala pafupi, akadagwira nsonga ya chitenje n'kupukuta mphuno kamera isanalire, ndipo palibe akadati mayiyu akunamiza dziko. Wofufuta uja wachita mochedwa chimene mayi akadachita pa nthawi yake. Wachiwiri uja wanena zoona zokhazokha, koma wazisanja kuti zinene chimene iye anabwera nacho kale m'mutu: kuti kuno ana alibe owapukuta.

Nzeru imeneyi si ya lero. Mu 1877 ku London, Thomas Barnardo, amene anatsegula nyumba zosungiramo ana osowa pokhala, anazengedwa pa bwalo la oweruza osankhidwa. Mwa milandu ina panali wa zithunzi. Iye ankagulitsa makadi a zithunzi ziwiriziwiri: china mwana ali m'nsanza monga anapezedwera mumsewu, china ali waukhondo akuphunzira ntchito. Zinadziwika kuti zina mwa zithunzi za nsanzazo zinkakonzedwa m'nyumba yojambuliramo. Barnardo anadziteteza ponena kuti ngakhale mwana uyu sanali chomwecho pa tsikulo, ana otero analipo ambiri, ndipo chithunzi chinkaimira onsewo. Oweruza anamumasula pa milandu ikuluikulu koma pa zithunzi anamudzudzula. Ndikamva yankho lakelo ndimamva mawu a mabungwe ambiri a masiku ano. Ndipo sindilipeputsa. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, matope ndi miyala zitatsika m'mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Blantyre n'kusiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala, zithunzi za ana m'misasa ndizo zinatsegula matumba a anthu akutali. Chimanga chinafika, mabulangete anafika. Munthu wanjala sangadye ulemu. Koma taonani chimene yankho la Barnardo limachita: limasandutsa mwana kukhala chitsanzo cha ana. Mwana amene ali ndi dzina, ndi agogo ake, ndi nsapato zimene anazivula kuti asewere m'madzi, aleka kukhala iye mwini, asanduka chikwangwani. Ndipo malipiro a ntchito ya uchikwangwaniyo sanaumve n'komwe.

Pofika apa wina angati tapeza muyeso: konza chokhacho chimene wokonda mwanayo akadakonza ndi dzanja lake. Ndikadakondwa muyesowu ukadakwanira. Koma tapitani pa Facebook kapena WhatsApp muone zithunzi za ana a ife eni, ojambulidwa ndi amayi awo owabereka pa tsiku lokumbukira kubadwa. Khungu layeretsedwa kufikira mwana wa ku Mulanje aoneka ngati wa dziko lina. Mphuno yasongoledwa pang'ono. Chipsera cha pachipumi, chimene anachipeza atagwa pa khonde pophunzira kuyenda, chapita. Amene wachita zimenezi si mlendo. Ndi munthu amene angafere mwanayo. Chikondi nachonso chimajambula zimene chinaphunzitsidwa kusirira. Tsono kupukuta mamina ndi kuyeretsa khungu zonse zichokera m'dzanja la mayi, koma sizili chimodzi. Mamina ndi a m'mawa umodzi. Khungu ndi chipsera ndiye mwanayo. Choyamba chinena kuti, mwana wanga, unadetsedwa. Chachiwiri chinena kuti, mwana wanga, unalakwika.

Ndipo mwanayo adzachiwerenga. Palibe mwa ife amene akumbuka bwino za pamene anali ndi zaka 2 kapena 3. Chimene timati n'chikumbumtima cha ubwana wathu, mbali yaikulu ndi nkhani zimene anatiuza ndi zithunzi zimene anationetsa. Wamkulu akajambulidwa monama angathe kutsutsa, pakuti analipo ndipo akumbuka. Mwana analipo koma sadzakumbuka. Chithunzi ndicho chidzakhale mboni yokhayo, ndipo iye adzaikhulupirira kuposa galasi. Ambiri a mbadwo wa makolo athu ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha ubwana wawo, ena alibiretu. Ana a lero adzakhala nazo zikwizikwi, koma sindidziwa kuti ndi zingati mwa izo zimene adzatha kuzifunsa kuti, kodi ndinkaoneka bwanji, n'kuyankhidwa moona.

Ife Amalawi sitiyenera kuphunzitsidwa ndi wina za chithunzi chokonzedwa. Pansi pa lamulo la 1968 loona za mabuku, mafilimu ndi zosangalatsa, lumo linkadutsa m'mafilimu, ndipo magazini ankafika masamba ena atang'ambidwa. M'sitolo ndi mu ofesi iliyonse munkapachikidwa chithunzi cha Kamuzu, china chilichonse osachipitirira m'mwamba, ndipo nkhope ya pakhomayo sinkakalamba pamodzi ndi mwini wake. Koma lumo la masiku amenewo linali ndi ubwino umodzi: linkasiya bala. Filimu ikadumpha, holo yonse inkadziwa kuti apa adula, ena n'kuimba mluzu. Chida cha lero sichisiya bala. Mu March 2024 nyumba yachifumu ya ku Britain inatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ali ndi ana ake atatu, onse akuseka. Mabungwe a nkhani monga Associated Press ndi Reuters anachibweza tsiku lomwelo ataona kuti mkono wa juzi ya mwana wamkazi sukulumikizana bwino, ndipo mayiyo anapepesa. Palibe mwana anapwetekedwa. Chimene anthu anakwiyira n'chakuti chithunzi chinaperekedwa ngati umboni pamene chinali chojambula cha khala. Koma ana amenewo ali ndi akatswiri padziko lonse oyang'anitsitsa mikono ya majuzi awo. Kamtsikana ka nkhuni kaja alibe.

Za chilolezo ndinena mwachidule, pakuti n'zoonekeratu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi analivomereza mu 1991, limati mwana ali ndi ufulu wosalowereredwa pa za moyo wake wamseri. Ana osambira ali maliseche m'maiwe a mtsinje wa Likhubula, m'njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba, sali pamseri monga lamulo lingaganizire, ali pabwalo. Komabe iwo avulira anzawo ndi mtsinje, sanavulire intaneti. Ndipo "ndijambuleni" wa mwana wa zaka 5 ndi pempho lakuti adzione pa kagalasi ka kamera n'kuseka ndi anzake. Sakupereka nkhope yake ku kalendala, kapena ku chikalata chopemphera ndalama, kapena ku makina amene amaphunzira kupanga nkhope za ana osabadwa pomeza nkhope za ana obadwa. Siwiti kapena K500 sizisintha zimenezi.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Ngati zofuna za boma zitheka, alendo odzera pa Likhubula achuluka, ndi makamera awo. Woima pakati pa mwana ndi kamera nthawi zambiri si mayi, amene ali kumunda kapena kothyola tiyi, koma mnyamata woperekeza alendo uja. Iye amadziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe. Ndiye angathe kunena kuti, "Bwana, uyu ndi mwana wa achemwali anga, tiyeni tiyambe tawafunsa." Ena amanenadi. Koma mnyamatayo ali ndi masiku 3 oti ayende ndi mlendoyo mpaka ku Sapitwa ndi kubwerera, ndipo kangachepe ka pamapeto kadalira kuti bwana asakhumudwe pa tsiku loyamba. Mlendo waulemu amawerama n'kuonetsa ana chithunzi pa kamera, ana n'kuunjikana, n'kukuwa poona lilime la mnzawo. Chimene aonacho ndi cha karate chija. China chija, cha nkhuni ndi thanthwe la Chambe, chikakonzedwa usiku, ndipo ku Likhubula sichidzabwerako.