Kodi Kutali N'kuti?

Munthu akakhala pansi pa mlambe kuno ku Khuyu, amayi akuyanika usipa pathandala, ena akusenda chinangwa cha kondowole, amamva nthawi zina kulira kwa kandege kotera pabwalo la Likoma, kamene kananyamuka ku Lilongwe ola limodzi lapitalo. Ndipo ngati ali wa msinkhu wanga, wokumbukira usiku wa pa Ilala mwera ukuwomba, ana akusanza, matumba a ufa atanyowa, sangalephere kudzifunsa kuti kutali kuja tinkakuopa kunapita kuti.

Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo ndege imawamaliza m'maola awiri ndi theka, usipa wa m'mawa usanaume n'komwe. Makolo athu njira imeneyi anaiyenda wapansi, mwezi ukutuluka ndi kufa iwo ali m'thengo. Pambuyo pake a Wenela anayamba kunyamula anthu m'ndege kudzera ku Francistown, kufikira mu April 1974 pamene imodzi inagwa kumeneko ndi kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Liwiro tinalidziwa kale, pamodzi ndi mtengo wake.

Koma chondizunguza mutu ndi machona. Malume anga anapita ku Joni ine ndili mwana, ndipo njira inafupika chaka ndi chaka iwo ali komweko, osabwera ngakhale kumaliro a mayi wawo wowabala. Chowatsekereza sichinali makilomita ayi, koma manyazi a sutikesi yopanda kanthu, mkazi wa kumeneko, ndi ana osadziwa kupereka moni m'Chinyanja. M'fanizo la mwana wolowerera sititchuliridwa mtunda wa dziko limene anapitako, chifukwa ulendo wobwerera unayamba tsiku limene mtima wake unatembenuka pakati pa nkhumba. Chotero ndiyesa kuti kutali kwenikweni kuli m'kati mwa munthu, kumene ndege siingatere. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Komatu njokayo iyenera kuyamba yalakalaka una wake.

Sindikunyoza liwiro. Wodwala wofunika chipatala cha kumtunda sangayamike kuzengereza, ndipo nyanja iyi, imene inamiza Bishopu Chauncy Maples mu 1895 ali pa ulendo wodza ku Likoma konkuno, siisankha mtumiki wa Mulungu kapena msodzi. Komabe Ilala, imene yayenda pa nyanjayi chiyambire 1951, ili ndi chifundo chake chobisika: wobwerera akakwera ku Nkhata Bay, nakhala pakati pa madengu ndi nkhuku zomanga miyendo, amamva chilankhulo cha kwawo, amauzidwa amene anamwalira ndi amene anakwatiwa, amalira misozi yake mumdima wopanda womuona, kotero kuti mapiri a ku Cobue akamaoneka, mtima wafika kale thupi lisanatsike. Wa m'ndege amatula thupi pabwalo mtima ukadali m'mbuyo.

Malume aja anabwera potsiriza m'bokosi, pa galimoto imene inagona masiku anayi m'njira, kenaka pa boti. Mwa onse amene anawalandira pagombe, awiri okha ndiwo anakumbukira nkhope yawo.