Cala canga pa foni

Kuciyambi kwa 2020, mphekesera za anthu opopera gasi m'nyumba usiku zinacoka ku Chingola n'kufika m'makomboni a Lusaka. Tsiku lina cithunzi ca mwamuna wina cinabwera pa WhatsApp, ati ndi mmodzi wa a gasi. Ndinacitumiza ku magulu atatu. Sindinafunse amene anacijambula, liti, kapena kuti. Mantha anali atandigwira.

M'masabata amenewo makamu a anthu anapha anzawo pongowaganizira cabe, ena n'kuwatentha. Ine sindinatole mwala. Koma amene anatola miyala anamva kwa ndani?

Ndimadziuza kuti ndinali kucenjeza abale anga, ndipo mwina n'zoona. Cithunzico ndinacifafaniza m'mawa mwake. M'mafoni a anthu a m'magulu atatu aja cinatsala.