Kodi Chikho cha pa Kanema N'chikho?

Loweruka lina ndinakacheza kwa mlongo wanga ku Ndirande. Ndinapeza mphwanga, mnyamata wa Fomu 2, atayang'anitsitsa kanema, zala zikuvina pa kachipangizo ka PlayStation kobwereka kwa mnzake. Nditasuzumira ndinaona Flames ikulimbana ndi Morocco. Timu yathuyo anaiumba yekha m'gemumo, kulemba maina a osewera mmodzimmodzi.

Mukumbukira, awerengi, usiku wa pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé. Kanali koyamba Malawi kufika mu ndime ya chipulula ya chikho cha Africa, pakuti mu 1984 ndi mu 2010 tinathera m'magulu. Pa mphindi ya chisanu ndi chiwiri Gabadinho Mhango anaponya mzinga kuchokera kutali, goloboyi Yassine Bounou n'kuutola mu ukonde. Bangwe ndi Chilomoni yense anasefukira mumsewu. Koma Youssef En-Nesyri anabweza tisanapite kopumulira, kenaka Achraf Hakimi n'kutimaliza ndi firikiki. Zinathera 2-1, ndipo tinagona ndi njala nsima ili patebulo.

Masewero amenewo ndi omwe mphwangayo amabwereza. Morocco itagoletsa, iye anadina kabatani, zonse n'kuyambiranso. Anachita zimenezi kanayi. Ulendo wachisanu Flames inapambana, inapitirira mpaka mu fainolo, nkutenga chikho dzuwa lisanalowe.

"Amalume, mwaona? Tawakwapula!"

"Mwawakwapula ndani, poti pamene amakukwapulani mumathimitsa?"

"Aaa, amalume, si gemu chabe iyi?"

Yankho lakelo landisowetsa tulo. Kunena zoona, kuyerekeza si tchimo. Ife tomwe tili ana tinkamenya chikulunga pafumbi, wina n'kudzitcha Kinnah Phiri, wina Lawrence Waya, wina atakwera pachulu akuulutsa mpirawo ngati wa pa wailesi ya MBC. Tinkaseweretsa Bullets ndi Wanderers tsiku lililonse popanda wotipatsa chilolezo. Mwana wosalota ndiye wodwala. Tsono makina a lerowa, kaya ndi FIFA yomwe inayamba mu 1993 n'kusintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, kaya ndi PES, angotenga maloto akale omwewo n'kuwaveka jezi yowala.

Kusiyana kwake n'kumodzi. Pafumbi paja chigoli chikalowa chalowa. Umatha kulira, kutukwana, ngakhale kulanda mpira wako n'kumapita kwanu, koma mawa lake anzako amakukumbutsabe kuti unadyetsedwa zitatu. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Kukoma konse kwa ndime ya chipulula kwagona pamenepo: wogonja amalongedza zikwama. Chigoli cha Gabadinho chimatitsitsimula mpaka lero chifukwa anali ndi mwayi umodzi wokha, ndipo akanaphonya palibe akanamubwezera mpirawo kuti ayesenso. Mukachotsa mantha a kugonja, mwachotsanso mchere wa kupambana. Chotsalacho ndi ndiwo zozizira.

Wina anena kuti kubwereza ndiko kuphunzira, ndipo sindikana. Ngakhale Maule ndi Manoma amabwereza mapenate kambirimbiri pokonzekera. Koma palibe timu imene inanyamulapo chikho pa tsiku la zokonzekera. Kubwereza kuti uphunzire n'kwina, kubwereza kuti ufufute manyazi n'kwinanso. Ndimaopa mwana wozolowera kuti cholakwa chilichonse chili ndi kabatani kake, pakuti mawu oipa amene wayankhula kwa mayi ake, kapena ndalama ya fizi imene waitaya kobetcha, sizidzamufunsa ngati akufuna kuyambiranso.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake ali m'gemu momwemo. Pitani m'tinyumba ta magemu ta ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, momwe anyamata amalipira kuti asewere awiriawiri. Kumeneko lamulo ndi lakale lija: wogonja adzuke, apatse mnzake mpando. Ukayerekeza kudina kabatani uli kumbuyo ndi zigoli ziwiri, gulu lonse likukwera pamutu. Makinawo salakwa kanthu. Chimene chimapatsa masewero ulemu ndi mnzako amene wakhala pambali pako, woti sangakulole kunama.

Ndisananyamuke ndinamuuza mphwangayo kuti tisewere, iye Flames, ine Morocco, popanda wokhudza kabatani. Anandithira zinayi kwa duu, zala zangazi zinazolowera cholembera. Anakuwa mpaka mayi ake anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Chikho cha masana chija sanachikuwire choncho.