Malire a Luso ndi Zolaula pa Zithunzi

Funso lakuti chithunzi cha maliseche chimaleka liti kukhala luso n'kusanduka zolaula, kutanthauza zithunzi zongofuna kudzutsa chilakolako, linafika kukhoti ku Cincinnati mu 1990, pamene Dennis Barrie, mkulu wa nyumba yoonetseramo zaluso, anazengedwa mlandu chifukwa cha zithunzi 7 zojambulidwa ndi Robert Mapplethorpe. Barrie anapezeka wosalakwa potengera chigamulo cha 1973 pa mlandu wa Miller, chomwe chimateteza ntchito yokhala ndi phindu lenileni la luso. Komabe vuto silinathe, pakuti boma likaletsa chithunzi poona thupi lokha limaweruza chooneka, pamene chosiyanitsa luso ndi zolaula chimagona m'cholinga cha wojambula ndi mumtima mwa woonera, momwe lamulo silifika.