Mzinga Sufunsa Dzina

Pa 29 Ogasiti 2021, ndege yopanda woyendetsa ya dziko la America inalondola galimoto yoyera ya Toyota Corolla m'misewu ya Kabul kwa maola pafupifupi 8. Asilikali ankaonera zonse pa kanema ali kutali. Ataona bambo akukweza zigubu m'galimotomo, anati basi, awa ndi mabomba a gulu la Islamic State, lomwe masiku atatu m'mbuyomo linapha anthu oposa 170 pabwalo la ndege. Galimotoyo itangolowa kumpanda, mzinga wa Hellfire unagwa. Anafa anthu 10 a banja limodzi, 7 mwa iwo ana. Bamboyo ankagwira ntchito kubungwe logawa chakudya, ndipo m'zigubumo munali madzi. Akuluakulu a nkhondo anavomera kulakwa, koma palibe amene analangidwa.

Opanga zida amati luso lamakono lachepetsa imfa za anthu wamba. Ndikuvomereza kuti zinthu sizili ngati mu Malichi 1945, pamene mabomba amoto anapha anthu pafupifupi 100,000 ku Tokyo usiku umodzi. Komatu mzinga wa ku Kabul sunaphonye. Unagwa pomwe anautuma. Kamera imaona munthu akuyenda, koma sidziwa kuti ndi ndani, ndipo woionerayo, akakhala ndi mantha kapena mkwiyo, amaona chimene akufuna kuona.

Chondiopsa kwambiri n'chakuti kupha kwatchipa. Kale mtsogoleri ankayamba waganizira maliro a anyamata ake ndi misozi ya amayi awo asanalamule nkhondo. Lero wowombera amaweruka n'kukadya kunyumba kwake, ndiye chomuletsa mtsogoleri uja n'chiyani?

Ndege zopanda oyendetsazi zafikanso m'manja mwa maboma a mu Africa. Mu Januwale 2022 zinapha anthu oposa 50 pamsasa wa othawa nkhondo ku Dedebit, m'chigawo cha Tigray. Mu Disembala 2023 asilikali a Nigeria anaphulitsa mudzi wa Tudun Biri ku Kaduna, anthu ali pachikondwerero cha Maulidi, ndipo anafa osachepera 85.

Kupepesa kokha sikukwanira. Boma lililonse logula ndege zotere likakamizidwe kutchula mayina a anthu wamba amene lawapha, lipereke chipukutamisozi kwa ofedwa, ndipo amene analamula kuwombera akayankhe mlandu kukhoti.