Kodi Tsiku Limodzi Lingalipire Zaka Khumi ndi Zinayi?

Kwathu ku Chisi munthu akamwalira sitiwerenga zolakwa zake pamaliro. Woyankhula m'malo mwa banja amatchula zabwino zokhazokha: kuti malemu ankagawira amasiye matemba, kuti bwato lawo silinkakaniza wodwala wofuna kuolokera ku Kachulu. Za ngongole zimakambidwa pambuyo, anthu atasesa. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo sindifuna kuuphwanya. Koma a Chakufwa Chihana adamwalira pa 12 Juni 2006 ku Johannesburg, ndipo kusesa kudachitika kalekale. Tsono nthawi yakwana yoti tikambe za ngongole, imene ife tili nayo kwa iwo ndi imene iwo adatisiyira.

Ndidamva dzina lawo koyamba mu Epulo 1992 ndili mwana wa sukulu ya pulaimale. Usiku wina bambo anga adatseka chitseko, natsitsa mawu a wailesi mpaka khutu lawo lidachita kugunda pachipangizocho. Wailesi yakunja inkanena za mkulu wina wa mabungwe a anthu apantchito, wochokera ku Rumphi, amene pa 6 Epulo adatsika ndege pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe atanyamula pepala loitanitsa ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo apolisi adamugwira pomwepo. Munthuyu adali atapita ku msonkhano wa Amalawi otsutsa boma ku Lusaka, ndipo akadafuna akadatsalira kunja konko. Sikuti ndende sankaidziwa, popeza adakhalamo kuyambira 1971 mpaka 1977 popanda kuzengedwa mlandu. Bambo atamva dzinalo adapukusa mutu nati, "Ameneyu dzina lake lomweli limukwanira." M'masiku amenewo wotsutsa Kamuzu ankatchedwa nyama ya ng'ona, ndipo ife a m'mbali mwa madzi mawu otere sitinkawamva ngati nthabwala.

Koma sadafe. Khoti lidawapeza olakwa pa mlandu woukira boma mu Disembala 1992 ndi kuwalamula kukhala m'ndende zaka ziwiri, chilango chimene pambuyo pake chidatsitsidwa kufika pa miyezi isanu ndi inayi. Ukaidi wawo adakagwirira ku Mikuyu, m'chigwa chathu chomwe chino cha Chilwa. Adatuluka kutangotsala masiku ochepa kuti tichite riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi oposa 60 mwa 100 aliwonse adasankha nyali nakana tambala wakuda. Zoonadi, maepiskopi a Katolika ndiwo adayamba kuboola chithupsa ndi kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, ndipo padali ena ambiri amene adavutika mwakachetechete. Koma maepiskopi adali ndi mpingo kumbuyo kwawo. A Chihana adaima pabwalo paja ndi thupi lawo lokha. Ngongole imeneyi ndi yeniyeni, ndipo aliyense wonyoza mtsogoleri wa dziko pa Facebook lero n'kugona tulo tabwino akudya za ngongoleyo.

Tidabweza bwanji? Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Chihana adakhala achitatu, ndi mavoti pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse. Chipani chawo cha AFORD chidapeza mipando 36 mwa mipando 177 ya m'Nyumba ya Malamulo, ndipo 33 mwa imeneyi idali mipando yonse ya chigawo cha kumpoto. Bambo anga, omwe aja adagunditsa khutu pawailesi, adavotera a Bakili Muluzi. Nditakula ndidawafunsa chifukwa chake, ndipo adayankha mosachita manyazi kuti, "Iwe, munthu uja ndi wolimba mtima, koma ndi wakumpoto. Akadatikumbuka ife kuno?" Motero munthu amene adatsika ndege m'dzina la Malawi yense tidamubweza ku Rumphi, tidamusandutsa mtsogoleri wa chigawo chimodzi. Mfundo imeneyi tisaiiwale pamene tikulowa m'zotsatirazi, chifukwa munthu amene wapatsidwa mipando 36 yokha alibe njira ina yolowera m'boma koma kutsatsa mipandoyo kwa wogula.

Wogula adapezeka. UDF idali ndi mipando 85, yosakwana theka la Nyumba. A Chihana adayamba agwirizana ndi MCP, chipani chomwe chidawamanga kawiri, koma pofika Sepitembala 1994 adali atalowa m'boma la a Muluzi ngati nduna ya zamthirira ndi chitukuko cha madzi komanso wachiwiri kwa wachiwiri wa mtsogoleri wa dziko. Vuto lidali lakuti udindo wachiwiriwu m'malamulo oyendetsera dziko mudalibe. Tsono m'malo moti munthu asemedwe kuti akwane pampando, malamulo ndiwo adasemedwa kuti mpando upezeke. Gawo 80 lidasinthidwa kuti mtsogoleri wa dziko akaona kuti n'kofunika azitha kusankha wachiwiri wina, malinga asakhale wa chipani chake. Masamu ake adali osavuta: 85 kuphatikiza 36 ndi 121, ndipo kusintha malamulo aakuluwo kunkafuna magawo awiri mwa atatu a Nyumba, ndiye kuti aphungu 118.

Ine ndagwira ntchito m'boma kwa zaka zingapo tsopano, ndipo chimene ndaphunzira m'maofesi ndi chakuti pepala silifa. Bwana amene adasayina kalata yolamula zinazake amapuma ntchito, amamwalira, koma ife timatsatirabe kalatayo, ena mwa ife osadziwa n'komwe kuti idalembedwa pofuna kuthandiza yani. Zili ngati ngalande zimene asodzi amakumba m'matope nyanja ikabwerera m'mbuyo. Wokumbayo amaganiza za bwato lake lokha, koma akachoka ngalande imatsala, ndipo mumadutsa aliyense, wabwino ndi wakuba maukonde yemwe. N'chifukwa chake ndimati ntchito ya wopanga malamulo iyenera kuyezedwa mwankhanza kuposa zochita zake zina zonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha 1995. M'malamulo amene tidayamba nawo mu 1994 mudali gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Nyumba ya Malamulo idafafaniza gawo limeneli mu 1995, pamene mgwirizano wa UDF ndi AFORD udali ndi mphamvu zonse m'Nyumbamo. Sindikunena kuti a Chihana adachita okha zimenezi, ndipo sindikhulupirira kuti padali aphungu ambiri a chipani chilichonse amene adalira pamaliro a gawo limenelo. Koma popanda mipando 36 ija masamu a UDF payokha sakadatheka. Chaka chomwecho nyanja ya Chilwa idauma, tinkayenda pansi kuchokera ku Kachulu mpaka ku Chisi, mabwato atagona chafufumimba pamatope ong'aluka. Palibe nduna kapena phungu amene amagwetsa mvula, zimenezo tinkazidziwa. Koma munthu wa pachilumba, amene mtsogoleri amamuona pokhapokha nthawi ya kampeni ikafika, ankafunika kakhasu kakang'ono koopsezera womuimira, ndipo kakhasuko kadalandidwa chaka chimene tidali pa njala. Nyumba ya Seneti, momwe mukadakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, nayonso idayamba yaimikidwa kaye, kenaka idachotsedweratu mu 2001 isanakumane ndi tsiku limodzi lomwe.

Pena a Chihana aja a pabwalo la ndege ankaonekeranso. Mu 1996 adatula pansi udindo wawo ponena kuti m'boma mwachuluka katangale. Ndi atsogoleri angati kuno kwathu amene adasiyapo galimoto ya mbendera mwa kufuna kwawo? Nduna zina za chipani chawo zidakana kutuluka nawo, zidakakamira mipando.

Koma kenaka kudabwera 2002. Malamulo athu amati mtsogoleri wa dziko alamulire zigawo ziwiri zokha za zaka zisanu, ndipo tidalemba dala choncho chifukwa tidali titalawa kale upulezidenti wamuyaya. Pa 4 Julayi chaka chimenecho Nyumba ya Malamulo idavotera bilu yochotsa malire amenewa kuti a Muluzi athe kuimanso. Amene adabweretsa biluyo sadali wa UDF ayi, adali phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, ndipo a Chihana adali kumbali yoivomereza, ngakhale ena mwa aphungu awo adakana kuwatsata. Aphungu 125 adavomera, 59 adakana, ndipo biluyo idagwa chifukwa idaperewera mavoti atatu okha. Mavoti atatu! Munthu amene adalolera kufa pokana kuti wina alamulire mpaka kalekale adatsala pang'ono kutitsegulira khomo lomwelo patangotha zaka khumi. Chaka chotsatira adabwerera pampando uja wa m'gawo 80. Anthu a kumpoto adapereka chigamulo chawo pa chisankho cha 2004: chipani chimene chidali ndi mipando 36 mu 1994 ndi 29 mu 1999 chidatsala ndi isanu ndi umodzi.

Ndikakamba zimenezi ndi anzanga akuntchito timagawikana. Ena amati munthu amene adatipatsa ufulu sitiyenera kumufunsa za tindalama ta m'thumba, pakuti tsiku lija lidalipira zonse. Ena amati 2002 idaulula kuti ngakhale mu 1992 ankangofuna mpando, ndiye palibe choyamika. Onsewa akuchita ngati wamalonda wa pa Kachulu amene amachotsera ngongole pa mtengo wa nsomba n'kutsala ndi nambala imodzi. Ine ndikuona kuti zinthu ziwirizi sizichotserana. Zimene adachita mu 2002 sizingabwerere m'mbuyo kukasandutsa Mikuyu kukhala hotela, popeza udzudzu wa kumeneko udawaluma ndithu, ndipo pa 6 Epulo paja padalibe amene akadawalonjeza mpando. Chimodzimodzinso ukaidi wawo sungabwezeretse gawo 64 m'malamulo.

Ndiponso kulimba mtima kumene kudafunika pa zochitika ziwirizi n'kosiyana. Pabwalo la ndege mdani adali poyera, atavala yunifomu, ndipo chofunika chidali kusathawa kwa ola limodzi. M'Nyumba ya Malamulo woyesa munthu amabwera akumwetulira, ndi mnzako, akukupatsa unduna umene ungathe kumangira nawo mlatho kwanu, ndipo uyenera kumukana lero, mawa ndi mkuja popanda wokuombera m'manja. A Chihana adali nako kochuluka kulimba mtima koyambako. Kwachiwiriku nthawi zina adali nako, nthawi zina kudawathawa. Ndipo ife amene tidawakaniza voti chifukwa cha kumene adabadwira ndife tidawaika pamsika pomwe mayesero otere amachuluka. Izi siziwayeretsa, koma zimatichotsera ufulu woloza chala ngati kuti manja athu ndi osamba.

Mpando wa m'gawo 80 udakhala wopanda munthu kwa zaka zoposa makumi awiri, mpaka ambiri tidaiwala kuti ulipo. Mu 2025 a Peter Mutharika atapambana chisankho adaukumbukira, naupereka kwa mtsogoleri wa AFORD, a Enoch Chihana, mwana wa malemuwo.

Tsiku lina ntchito itanditengera ku Mzuzu ndidapempha dalaivala kuti tidzere pamanda a Chihana. Ndidavula chipewa, ndidaima kanthawi, kenaka tidapitiriza ulendo. Nditabwera kumudzi pa tchuthi ndidawapeza bambo pansi pa mtengo akusoka ukonde, maso atayamba kuchita chidima, ndipo ndidawauza kuti ndidakaona pamene adagona munthu wa pawailesi uja. Adakhala chete, kenaka adandifunsa kuti, "Nanga lamulo lija lochotsera phungu, inu a m'boma mudalibweza?" Ndidati ayi, bambo, silidabwerere. Adangoti "Ohoo," napempha kuti ndiwagwirire mbali ina ya ukondewo.